Nyimbo ya Malo Atatu

Ku Tete ndinapita Tamanda wanga atangosiya kuyamwa. Sindinapite kukagulitsa salaula, zovala zakale zija, kapena kukachapa m'nyumba za anthu, monga amachitira anzanga ambiri akwathu ku Mlolo. Ine ndinapita kukaliza gitala ya besi mu bandi.

Besi ndinaidziwira ku tchalitchi, ku Chadiza boma, nthawi imene ndinkakhala kwa azakhali nditalekezera sukulu mu giledi seveni. Amene ankailiza anasamukira ku Chipata, gitala inangotsamira pakona, ndipo ine ndinali wosesa m'tchalitchi Loweruka lililonse. Ndikamaliza kusesa ndinkaitenga. Abusa atandipeza sanakalipe, anangoti Lamlungu ndiime kutsogolo. Nyimbo zathu za kumeneko sizivuta. Mpingo ukaomba m'manja, iwe umagwetsa chala pomwepo. Phazi likagunda pansi, besi nayo ili pansi. Ndinaliza choncho zaka zinayi, popanda wondiuza kuti apa walakwitsa.

Bambo wa Tamanda atakwatira kwina, ndinabwerera kwa amama ku Mlolo, koma abusa ankandiitanabe kukakhala ukwati. Pa ukwati wina wotero ndi pamene anandiona a Zeka. Anali eni bandi ku Tete, ndiwonso ankaliza kibodi, munthu wa ku Angonia, Chichewa chawo ngati chathu chomwe. Wa besi wawo anali atapita ku Beira. Anandiuza kuti ku Tete konse kulibe bandi imene ili ndi mkazi pa besi, anthu azidzabwera kudzaona. Ine ndinkayesa akuyamikira zala zanga.

Amama sanakane, sanavomerenso. Anangofunsa ngati kumeneko ndizikadya, ndiponso ngati ndizikavala mathalauza. Tsiku lonyamuka tinagwirizana kuti iwo apite ndi mwana kuchitsime, asandione ndikutuluka. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe mpaka atapotoloka pa mtengo wa mango, kenako achimwene ananditenga pa njinga mpaka kumalire, ku Chanida. Kumeneko ndinakwera lole. Mkaka unali usanaume, ulendo wonse ndinangopinda manja pachifuwa kuti adalaivala asaone bulauzi itanyowa.

Kutentha kwa ku Tete sindingakufotokoze, munthu akuone yekha. Tinkagona kuseri kwa hotela imene tinkaimbako, m'kachipinda ka malata, ine ndi Rozita amene anali woimba pakamwa. Chitenje unkachinyika m'madzi, kuchiyala, pang'ono chauma. Malole a malasha ankadutsa tsiku lonse, fumbi lake lakuda mpaka m'mano. Chinyungwe ndinkamvako pang'ono, Chipwitikizi ayi. Rozita ndiye anali pakamwa panga kumsika. Onse ankanditchula kuti Zambiana, ndipo ndinazolowera kuyankha.

Bandi inkaimba Loweruka ndi Lamlungu masana m'bwalo la hotela, kusangalatsa anthu ogwira ntchito ku migodi ndi mabanja awo, komanso m'maukwati. Nyimbo zathuzathu tinalibe. Tinkaimba za eni, zimene anthu amazidziwa kale. A Zeka ankati munthu akatsinzina aziganiza kuti ndi wailesi, apo ayi sitinagwire ntchito. Tsiku loyamba anandiikira nyimbo zambirimbiri m'foni mwanga kuti ndiphunzire. Foni yangayo inali yaing'ono, kasipika kake ngati diso la nkhuku.

Zimene ndinaziopa zinali za ku Congo, zija zala zimathamanga ngati mbewa pa denga. Ndinazikhalira pansi, ndinatuluka nazo thukuta, ndipo zinatheka. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti nyimbo yothamanga imakubisa. Ukaphonya pamodzi, wafika kale pena, palibe wakugwira. Imene sindinaiope inali ina yapang'onopang'ono, ya mtundu umene kumeneko amati pasada, yovina mwamuna ndi mkazi atagwirana. Pa foni besi yake inkamveka malo atatu okha oponda chala. Apa, apa, ndi apa, kenako kubwereza. Ndinaimvera kawiri ndi kuuza Rozita kuti imeneyi ngakhale mwana wa Sande sukulu angailize.

Lamlungu loyamba bwalo linadzaza. A Zeka atangoyamba nyimboyo pa kibodi, anthu anakuwa, amuna kukoka akazi awo kupita pakati. Ine ndinalowa ndi mtima wonse, malo anga atatu aja, pamodzi ndi phazi monga ku tchalitchi. Sipanapite nthawi, ndinaona anthu akupondana. Ena ankayang'ana kumapazi kwawo, ena kuseka mwamanyazi. Awiri anakakhala pansi, kenako awiri ena, mpaka pakati panatsala bambo mmodzi woledzera akuvina ndi botolo. Palibe anandiyang'ana. Iwo sanadziwe chimene chawachotsa pabwalo, ankangomva kuti matupi akukana.

Anthu atapita, a Zeka sanakalipe. Anatenga foni yanga, kuilumikiza ku masipika aakulu aja, ndi kundiuza kuti ndiime patsogolo pake. Ndinene zoona, nyimboyo ndinaimva koyamba tsiku limenelo. Inandigunda m'mimba. Malo analidi atatu, koma pamene phazi limafika pansi, pamene ine ndinkagwetsa chala, besi inali chete. Inali itabwera kale pang'ono pokha ndi kuchokapo, kusiya mpata. Mawu achiwiri inkawakoka ndi kuwadula mwadzidzidzi ngati munthu watsekedwa pakamwa. Pakati pake panali timawu tina togontha, tija umagunda nsambo utaigwira kuti isalire, ingoti thu, thu. Ndipo ulendo wachinayi uliwonse chala chinkatsetsereka kupita pansi ndi kubwerera. Zonsezi kasipika kanga kankameza. Kanandipatsa mafupa okha, ine ndi kumati ndadya nyama.

A Zeka anati pakubwera ukwati waukulu, wa mwana wa bwana wina wa ku migodi, ndipo mkwatibwi wasankha nyimbo imeneyi kuti avine ndi mwamuna wake anthu onse akuona.

"Uli ndi masabata atatu, Zambiana. Ikakana, ndikukweza lole ya ku Chanida. Sindikuda, koma ndi ntchito."

Ndinakhala pa kireti ya mabotolo ndi kuganiza za lole imeneyo. Mudzi wonse unali utamva kuti ndapita kukaliza gitala kunja. Mwana ndinamubisalira kuseri kwa nkhokwe chifukwa cha ntchito imeneyi. Ndibwerere mwezi usanathe, nditanyamula sopo yekha?

Amene anandinyamula anali a Kamwendo, oliza ng'oma, munthu wamkulu wa imvi, wa ku Ulongwe. Tonse tinkawatchula Madala. Masipika aakulu a Zeka ankawatsekera m'sitolo ya hotela masiku ena onse, ndiye Madala anandiphunzitsa njira zawo. Poyamba anati ndiike foni m'ndowa yopanda madzi ndi kulowetsamo mutu. Zinathandiza pang'ono. Kenako anati ndiikulunge m'kansalu ndi kuiluma ndi mano a m'mbali, makutu nditatseka ndi zala. Ndinkayesa akundiseka, koma nditayesa, besi inabwera kudzera m'nsagwada mpaka m'mutu, timawu togontha tija tonse. Rozita atandipeza ndili chilumire foni anakhala pansi ndi kuseka.

"Mnzanga, njala yafika pamenepo? Unene tikugawire mpunga."

Kumva ndinayamba kumva, koma kuliza kunakanabe. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanakwiye, Madala ankakhala pansi pa mtengo wa masau ndi timitengo tawo, kumenya mpando, ine pambali ndi gitala yosalumikiza. Ndinkayamba bwino, ulendo umodzi, wachiwiri, kenako osadziwa ndabwerera pa phazi. Madala anandiyang'ana kumiyendo nthawi yaitali.

"Chala chako chilibe mlandu, mwana wanga. Vuto ndi phazi ili. Linabatizidwa kwambiri."

Analiponda ndi nsapato yawo kuti lisagwedezeke. Phazi litagwidwa, mutu unayamba kugwedezeka m'malo mwake, chala n'kutsata mutu. Anandifunsa ngati ndinasinjapo awiri mumtondo umodzi. Ndinati kuyambira ndili wamng'ono. Anati ndiye basi, iwo akamatsitsa munsi ine ndikhale ndikukweza wanga, ndisawadikire pansi chifukwa tiphwanyana zala. Zimenezo ndinazimvetsa. Koma ngakhale pamenepo sipanali pakati penipeni. Unkayenera kufulumira pang'ono kwambiri, pang'ono posatheka kuwerenga. Ndikafunsa kuti pang'ono bwanji, Madala ankangoti ndidzamva ndekha.

Nsonga za zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika. Rozita ankandinyika m'madzi ofunda a mchere, uku akundiimbira nyimboyo pakamwa kuti isandichoke. Ndinkailiza m'mutu pochapa, posamba, popita kumsika. Lamlungu m'mawa ndinkaimbira foni achimwene kuti andipatse Tamanda. Sankayankhula, ndinkangomva akupuma, ndipo amama kumbali ankamuuza kuti anene moni. Ndikadula, ndinkapukuta foni yomweyo ndi kuilumanso.

Litatsala tsiku limodzi, tinayeserera tonse ndi masipika aakulu. Tinaibwereza katatu. Koyamba ndinakhoza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Madala mpaka anaponya kamtengo m'mwamba. Kachiwiri ndinagwa pakati. Kachitatu, chifukwa cha mantha a kachiwiri, ndinagwa poyambirira. Madzulo ake a Zeka anandibweretsera diresi lonyezimira ngati pepala la switi, ndi nsapato zazitali. Ndinati ndiye kuti andikhulupirira.

Ukwati unali masana, m'tenti yaikulu pafupi ndi mtsinje. Masiku onse ndinkaima kumbuyo pafupi ndi ng'oma, koma tsikulo a Zeka anandiimika kutsogolo, pambali pa Rozita. Bandi yathu inalibe sipika ya besi payokha. Chingwe changa chinkapita ku mikisa, kabokosi ka mabatani kamene kankakhala pafupi ndi kibodi, ndipo mawu a tonse ankatulukira pamodzi kutsogolo.

Nthawi itakwana, akwati anaima pakati. Ndinapuma kamodzi, ndinamva ng'oma ya Madala kumsana, ndi kulowa. Sindikudziwa chimene chinachitika, koma phazi linakhala chete lokha. Chala chinkafika pang'ono Madala asanafike, kuchokapo, kusiya mpata uja. Timawu togontha tinabwera tokha. Ulendo wachinayi chala chinatsetsereka ndi kubwerera ngati chinabadwa chikudziwa. M'masipika besi inkatuluka yoyera, yonona, kuposa masiku onse, ndipo ndinati ndi mmene imamvekera munthu ukakhoza. Mkwatibwi anatsamiritsa mutu paphewa pa mwamuna wake. Anthu ena anayamba kudzuka. Misozi inandilengeza, ndinaganiza za amama, kuti akanakhala pano.

Gitala imeneyo inali yakale. Kamsomali kogwira lamba kanali kogwedera, ndinkakalimbitsa ndi timitengo ta machesi. Chapakati pa nyimbo kanazuka. Gitala inatsetsereka, ndinaiwakha ndi manja onse awiri isanafike pansi.

Besi inapitirira kulira.

Ndinaima nditaikumbatira ngati mwana, zala zonse zili kutali ndi nsambo, koma m'masipika malo atatu aja ankayendabe bwinobwino. Ndinacheuka. Dzanja lamanja la a Zeka linali pa nyimbo, lamanzere linali kumunsi kwa kibodi, likuyenda lokha. Pa mikisa batani langa linali pansi penipeni. Anandiyang'ana, anakweza chibwano kundilozera kwa anthu, ndi kuonetsa mano kuti ndimwetulire.

Ndinaponda pa bokosi la zingwe, kuika gitala pantchafu, ndi kupitiriza. Chinanso ndikanachita chiyani, anthu mazana akuyang'ana? Ndinailiza mpaka kumapeto, osaphonya. Anthu anaomba m'manja, mayi wina wonenepa anabwera kudzandipukuta nkhope ndi kansalu kake konunkhira, ena kundijambula ndi mafoni. Amene anaona lamba akuduka ankati taonani mkazi wolimba mtima, gitala kugwa koma nyimbo osaima.

Tikulongedza katundu ndinawapeza a Zeka akupinda zingwe. Ndinawafunsa mwaulemu chifukwa chake sanandiuze. Anati akanandiuza nkhope yanga ikanaonetsa, ndiponso ukwati wa munthu si poyeserera, dzulo lomwe ndinagwa kawiri.

"Koma lero ndinakhoza."

"Mwina unakhozadi. Ine sindinamve."

Anati ndisadandaule, lole sindikwera. Anthu andikonda, bwana wa hotela wakondwa, malipiro anga sasintha. Kungoti pa nyimbo za pasada besi azigwira ndi iwo, ine ndiziima kutsogolo. Ndinawathokoza. Mpaka lero ndimadabwa kuti ndinawathokoza, koma ndi zimene zinatuluka pakamwa.

Rozita ankadziwa kuyambira m'mawa. Anati anaopa kundiuza, ndipo analira kuposa ine. Madala nawonso ankadziwa. Anandipeza kuseri kwa tenti nditavula nsapato zija, anakhala pambali panga, kenako anati:

"Ine ndinali kumbuyo kwako. Ndimaona chigongono chako. Unakhoza yonse, ngakhale lamba ataduka. Ng'oma yanga imatsata iwe, osati kibodi."

Poyamba zinali za pasada zokha. Kenako a Zeka anaona kuti dzanja lawo lamanzere silidwala, silichita mantha, ndipo anawonjezera zina. Mvula isanagwe batani langa linali pansi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Ndinawapempha kawiri kuti andiyeseko, ngakhale nyimbo imodzi anthu asanachuluke. Ankati sabata yamawa. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinakweza batanilo ndekha tisanayambe. Besi ziwiri zinawombana m'masipika, phokoso lake ngati ng'ombe ziwiri m'khola lothina. A Zeka anatsitsa batani osandiyang'ana n'komwe. Loweruka lotsatira ndinapeza alimata ndi tepi yakuda.

Chikwama ndinalongedza kawiri, kawiri konse ndinamasula. Kumudzi zinthu zinali zitayamba kufika. Adalaivala a lole ankandinyamulira sopo, mafuta ophikira, tinsapato ta Tamanda, ndipo nyumba ya amama inayamba kufoleredwa ndi malata mbali imodzi. Tamanda atadwala malungo, achimwene anandiimbira Loweruka m'mawa ali naye ku kiliniki, akuti wakomoka kawiri. Kunali kutali, lole inali ya Lolemba. Ndinatumiza zimene ndikanatha, ndipo masana ndinavala diresi lija ndi kuima kutsogolo, kumwetulira, foni nditaibisa m'kamisolo kuti ikanjenjemera ndimve. Inanjenjemera tili pa nyimbo yachisanu. Sindikanatha kuiyankha. Ndinaliza nyimbo zina zitatu, gitala yosamveka, osadziwa ngati mwana ali moyo. Anachira, Mulungu ndi wabwino. Koma tsiku limenelo ndinadziona mmene ndinalili.

Nyimbo yatsopano ikabwera ndinkailumabe foni, kufunafuna timawu tobisika. Ndinapeza kuti zambiri zili choncho. Imene ukuiona ngati yosavuta ndi imene ili ndi msampha: ina besi imachedwa dala ngati munthu wokoka phazi, ina imasintha kamodzi kokha nyimbo yonse, pamene woimba akupuma, ndipo ukaphonya pamenepo ovina amadziwa. Rozita ankandifunsa kuti ndikuvutikiranji, bwanji osangogwedeza zala, ndani akumva. Ndinkamuuza kuti Madala akuona. Ndipo ankaonadi. Tikamaliza ankatha kundiuza kuti nyimbo yachitatu ndinafulumira, kapena kuti lero chigongono chinali chokoma. Zaka ziwiri ndinalizira munthu mmodzi, iyenso akumvera ndi maso.

Kenako msana unawakana Madala. Ankamenya ng'oma atamanga chitenje m'chiuno, mpaka ana awo anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Ulongwe. Ponyamuka anandigwira dzanja, kuyang'ana zikang'a za kunsonga za zala, ndi kundiuza kuti ndisalole zifewe. Amene analowa m'malo mwawo anali katswiri ndithu, koma ankatsata kibodi, ine ankangondiona ngati maluwa a patebulo.

Lamlungu lina ndinayesa chinthu. Bandi ikuimba pasada ija, ine ndinaliza nyimbo ya ku tchalitchi kwathu, yonse, mavesi atatu. Anthu anavina, anaomba m'manja, bambo wina anakuwa kuti Zambiana moto. Palibe anadziwa, ngakhale Rozita amene anali pambali panga. Sabata yotsatira chingwe sindinachilumikize n'komwe, ndinangochisiya chikulendewera kuseri kwa diresi. Chimodzimodzi. Nditafika kuchipinda ndinakhala pamphasa, manja ali pamiyendo, ndipo ndinaona kuti sindingathenso.

A Zeka sanandikakamize. Anati ndinali munthu wosavuta, ndipo anandipatsa diresi lija kuti likhale langa. Ndisananyamuke n'komwe anapeza mtsikana wina wamtali, wa tsitsi lambiri, amene anali asanagwirepo gitala. Anandipempha kuti ndimuonetse kagwiridwe kake. Ndinamuonetsa masiku awiri, ndinamuuzanso za kamsomali ka lamba. Rozita anandiperekeza ku lole atandinyamulira nsomba zouma za amama.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya malata, amama ataonda, akuyenda ndi ndodo chifukwa cha bondo. Achimwene anali atakwatira, ndipo alamu ndiwo ankadziwa pamene pali mchere, pamene pali sefa, ine ndinkachita kufunsa ngati mlendo. Tamanda anali atatalika. Atandiona anathawira kuseri kwa amama. Iwo ndi amene ankawatchula amama. Ine ankanditchula anti a ku Tete. Amama ankamukalipira, koma ndinawauza kuti amusiye, mwana alibe mlandu. Ndinkangomuchapira, kumuluka tsitsi akalola, kumuikira mtedza wokazinga pamene angaupeze. Mwezi unatha akunditchulabe anti.

Tsiku lina masana ndinali pakhonde ndikusenda mtedza wa mbewu. Ndinamva ana akukangana, akubwera. Tamanda anali patsogolo atanyamula foni ya alamu ndi manja awiri, anzake atatu pambuyo. M'fonimo munali kanema wa ukwati uja. Ndinamva kuti wina anautumiza kalekale ndipo mudzi wonse unauonera ine ndisanabwere. Ndinadziona ndili m'diresi lonyezimira, maso otsinzina, zala zikuyenda.

Kamtsikana kena, kamkulu pang'ono, kanati atate ake akuti akazi saliza zimenezi, ameneyo wangogwira chabe kuti ajambulidwe. Tamanda anakakankha ndi phewa.

"Bodza! Taona zala. Ukuona zala izo?"

Anayandikitsa foni kumaso kwa mnzakeyo, kenako anatembenukira kwa ine. Anabwera mpaka kutsamira pa bondo langa, chinthu chimene anali asanachitepo, mpweya uli pamwamba chifukwa cha mkangano.

"Amama, auzeni. Eti zikumvekazi mukuliza ndinu?"

Amama anga anali chapatali akupeta, ndipo ndinaona lichero litaima. Ana onse anayi ankandiyang'ana pakamwa.

"Ee, ndine," ndinatero.

Tamanda anawayang'ana anzake mmodzimmodzi, chibwano chili m'mwamba, ndi kukhala pamiyendo panga kuti tionere limodzi. M'kanemamo mkwatibwi anali atatsamiritsa kale mutu paphewa pa mwamuna wake, anthu ena akudzuka. Ndinadziwa chimene chikubwera, lamba anali pafupi kuduka. Ndinatenga foni m'manja mwake pang'onopang'ono ndi kuizimitsa, ndinati batire ya eni ake ingathe.